Fodya wa ba Whyson ndi Maluwa a M'zitini

Ku Kalingalinga kuno kwakhala anthu osuta fodya ambiri, ena mpaka milomo kuda ngati poto wa pambaula, koma wosuta motsata lamulo anali mmodzi yekha, malemu ba Whyson. Lamulo lawo linali lakuti pamene pali duwa sasutapo. Pamaso pa abusa ankasuta, pamaso pa apongozi ankasuta, ngakhale pamzere wa kukiliniki ankazemba n'kukasutira kuseri kwa thanki ya madzi. Koma duwa likangoonekera, kaya ndi kaduwa kofota kopanda mwini, ba Whyson ankazimitsa ndudu, kuipachika kukhutu, n'kudutsa mwaulemu ngati akudutsa pamaliro.

Ine ndine Benard, ndimawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo mumsewu umene iwo ankakhala, choncho zambiri zimene ndinene pano ndinaziona ndi maso anga. Zotsalazo ndinazimva kwa akazi awo, ba Emelda, amene sanama pokhapokha akamagulitsa tomato wadzulo.

Ntchito ya ba Whyson inali yosamalira maluwa panyumba ina ya mpanda wautali ku Kabulonga, ndipo ankapita wapansi monga amachitira anthu ambiri a kuno. Pamalire a komboni yathu pali kamlatho ka simenti kowoloka ngalande, ndipo pambali pake pali dzala limene galimoto ya zinyalala inaliiwala kalekale. M'mawa akafika pa kamlathoko ankakoka komaliza, kuzimitsa, n'kubisa kachidutswako mumng'alu wa simenti. Tsiku lonse kumayadi sankasuta n'kamodzi komwe. Madzulo ankakatola kachidutswa kaja, kuyatsa, n'kulowa mukomboni utsi uli tolotolo kumbuyo ngati basi yakale yokwera chitunda.

Abwana awo a ku Kabulonga sanadziwepo kuti munthuyu amasuta. Akuti tsiku lina abwanawo anapeza mwana wawo ali ndi ndudu, ndipo pomukalipira anaitana ba Whyson kuti mwanayo aone chitsanzo cha munthu wodziletsa. Ba Whyson anagwedeza mutu movomereza, n'kuwonjezapo malangizo awoawo a momwe fodya amaonongera achinyamata. Nthawi yonseyo machesi anali m'sokosi.

Ndinawafunsapo tsiku lina chifukwa chake amachita zimenezi.

"Maluwa yapema, Benard," anatero. "Yali na chifuba ching'ono. Ukayakokela fodya yayamba kudwala."

"Nanga ife kuno sitipema?"

"Kuno ni pa siteshoni. Pa siteshoni muntu akoka, ataya pansi, ayembekeza basi."

Nkhani ya siteshoniyi inali ndi mizu yake. Bambo awo anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito mu Lusaka, ndipo chaka chilichonse ankauza ana awo kuti chaka chamawa tikubwerera kwathu. Anamwalira asanabwerere. Ba Whyson anabadwira mu Kalingalinga mommuno, ku Dedza sanapondeko, ulendo wawo wautali kwambiri unali wa ku Chongwe, koma kudikira kuja anakulandira ngati chuma chamasiye. Nyumba yawo sanaipakepo laimu. Pabwalo sanabzalepo ngakhale mpapaya. Ukawafunsa ankangoti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, pamene mamewo anali atamera imvi pamalo amodzimodzi.

Tinkawaseka, koma kunena zoona ambiri a ife tinali ndi matenda omwewo. Aliyense mumsewu mwathu anali wongodutsa, wina akudikira puloti ku Chalala, wina akudikira kupuma ntchito kuti abwerere ku Katete. Munthu wongodutsa sasesa pamene wakhala. Amataya madzi akuda pakhomo la mnzake, amakodza pakhoma, amasuta paliponse, ndipo thupi lake amalisamala monga momwe amasamalira malowo.

Chifuwa cha ba Whyson chinayamba ngati nthabwala. Ankatsokomola m'mawa uliwonse pa nthawi yake, mpaka atambala a mumsewu mwathu anasiya kulira poona kuti ntchito yawo yalandidwa. Kenaka kunayamba kupuma movutikira, ndipo ba Emelda anawakokera kukiliniki. Namwino atamvetsera pachifuwapo anatengera ba Emelda pambali n'kuwauza mosabisa kuti ngati bambowa sasiya fodya, asayembekezere kukalamba nawo limodzi. Ba Emelda sanali mayi wolira pagulu. Anabwerera kunyumba maso ali ouma, ndipo ife owadziwa tinaona kuti nkhondo yayandikira.

Anayamba ndi njira zodziwika. Anabisa machesi, ba Whyson n'kumabwera kudzayatsira pa chitsulo chofiira chimene ndangowotcherera. Anaitana amayi a chigwirizano kudzapemphera, ba Whyson anagwada nawo, anayankha ameni mokweza kuposa onse, kenaka n'kupempha kuti apite kaye kuseri. Anawasinjira tsabola wouma n'kumuthira m'ndudu, ba Whyson anasuta misozi ili chuchuchu, n'kupita kukayamikira Dyton, mwini kagolosale ka pakona kamene timati kantemba, kuti masiku ano akupikula katundu wamphamvu.

Zinthu zinasintha tsiku limene ba Emelda anapita ku Kabulonga kukanena uthenga wa maliro a wachibale. Mlonda anawalowetsa, ndipo anapeza amuna awo atagwada pakati pa maluwa, akuwadulira timasamba, akuwalankhula ndi mawu ofewa amene ba Emelda anawamva komaliza nthawi imene ankafunsiridwa. Anakhala pansi pa mtengo kudikira kuti aweruke. Masana onse aja munthu sanagwire kukhutu kufuna ndudu. Potuluka pageti ba Emelda anathyola kanthambi pa mpanda wa maluwa, n'kukabisa m'chitenje.

Patapita masabata angapo, ba Whyson akubwera madzulo ndi utsi wawo, anapeza pakhonde pali chitini cha mafuta ophikira, m'chitinimo muli kamtengo kamene kanali katatulutsa duwa limodzi lofiira. Anaima chilili. Anazimitsa ndudu.

"Nindani waika ichi pano?"

"Ni ine," anayankha ba Emelda, maso ali pa ndiwo zimene ankasadzula.

"Chosapo."

"Chosani mweka."

Ananyamula chitinicho kuti akachitaye, koma ali m'njira anachitembenuza n'kuona kuti kunsi kwake kulibe mabowo otulukira madzi, ndipo dothi lake ndi phulusa losakaniza ndi zidutswa za njerwa. Mtima wa mlimi unawawa. Anabwera kwa ine kudzabwereka msomali ndi hamala, akung'ung'udza kuti akazi ena angaphe duwa masana dzuwa likuswa mtengo. Mawa lake anabwera ndi dothi lakuda la ku Kabulonga m'pepala lapulasitiki. Pofika Loweruka duwa linali bwinobwino pakhonde, ndipo mwini khonde anali atadzithamangitsa yekha.

Anasamukira kuseri kwa chimbudzi. Sipanatenge nthawi, kuseriko kunapezeka chitini china. Ba Emelda ndi mwana wa mlimi wa ku Katete, kubzala amakudziwa bwino, koma zitini zimenezi ankazibzala moipa dala. China ankabzala mozondotsa, china ankachiika padzuwa pamene chimafuna mthunzi, china ankachithira madzi mpaka kusanduka dambo. Ba Whyson ankaona, kutembenuka, kuyenda pang'ono, kenaka n'kubwerera akutukwana chamumtima kudzakonza. Chitini chilichonse chimene anakonza chinawalanda malo ena osutira.

Panyumba patatha, anayamba kudzasutira pa ntchito panga. Ndinkadziwa kuti ba Emelda afika, ndipo anafikadi, atanyamula chitini cha penti. Ine ba Emelda ndimawaopa kuposa magetsi, choncho sindinatsutse, ndinangowotcherera kachoikapo kachitsulo kuti nkhuku zisafike. Ba Whyson atabwera anayang'ana duwalo, anayang'ana ine, n'kunena kuti Yudasi nayenso anali ndi ntchito yamanja. Kenaka anandiuza kuti ndisunthe tebulo langa chifukwa moto wothetheka ukuwaula masamba. Mpaka lero ndimagwira ntchito pa theka la malo amene ndinali nawo kale.

Nkhondo yeniyeni inali pa kantemba ka Dyton. Dyton amagulitsa mishanga, ndudu za imodziimodzi zija, ndipo ba Whyson anali mzati wa bizinesi yake. Anakanitsitsa kuti pakantemba pake pasaikidwe chitini, nati iye amagulitsa katundu, sayendetsa paki. Ba Emelda sanakangane naye. Anakaika chitinicho pakhomo la ba Salome, amene nyumba yawo inagundana ndi kantembako, pamalo poti munthu wokhala pabenchi ya Dyton aziyang'anizana nalo duwalo maso ndi maso.

Patangopita masiku ochepa duwalo linayamba kufota. Ba Whyson, amene akanayenera kusangalala, anagwada, anatapa dothi ndi chala, n'kulawa. Analavula. Munali mchere. Anaimirira pang'onopang'ono, ndipo anthu amene ankagula sopo ndi mazira anaiwala zimene anadzera.

"Dyton," anatero, "muntu wamene angapaye duwa, mawa azapaya muntu."

Ba Emelda anali pomwepo ndi beseni la tomato pamutu, ndipo anatembenukira kwa amuna awo. "Nanga vamene amakugulisani masiku yonse ni mankhwala ya chifuba?"

Chigamulo cha ba Whyson chinali chakuti Dyton asinthe dothi ndi manja ake, ndipo azithirira duwalo m'mawa uliwonse asanatsegule kantemba. Dyton anamvera poopa kutaya kasitomala, osazindikira kuti akuthirira chinthu chimene chikumuthamangitsira kasitomalayo. Ba Whyson ankabwerabe kudzagula, koma ankanyamula mshanga wawo osayatsa n'kupita nawo kwina.

Ba Salome anayesa kuchenjera. Madzi ndi ovuta kuno, ndiye anagula maluwa apulasitiki mtauni n'kuwazika m'chitini pakhomo lawo lakumbuyo. Ba Whyson anafika, anawayang'anitsitsa, anawagwira, n'kukhala pansi pomwepo. Anayatsa ndudu, kupemerera utsi pa duwa lapulasitikilo, nati ili lilibe chifuwa. Anasutira pamenepo sabata yonse mpaka ba Salome anagonja n'kubzala enieni.

Apa m'pamene zinthu zinapitirira zimene ba Emelda anakonza. Amayi ena anayamba kupempha timitengo, poyamba pofuna kuthandiza mnzawo, kenaka chifukwa cha nsanje, poti khomo la uje lisaoneke bwino kuposa langa. Duwa likakhala pakati pa zinyalala limaoneka ngati likukunyoza, ndiye anthu anayamba kusesa. Khoma lija tinkakodzapo linapeza zitini zitatu ndipo amuna tinayamba kuchita manyazi. Madzi otsukira mbale anasiya kutayidwa mumsewu, ankapita m'zitini. Anyamata amene ankasonkhana pakona kusuta anayamba kubisa ndudu kumbuyo akamadutsa, osati poopa maluwa, koma poopa ba Whyson, amene ankatha kukalipira munthu wosuta pafupi ndi duwa iwo ndudu ili kukhutu. Makondakitala a minibasi anayamba kuitana kuti alipo wotsika pa Maluwa, ndipo ndinadzimva ndekha tsiku lina ndikuuza munthu mtauni kuti kwathu ndi pa Maluwa, ndikunyada.

Amene sankasangalala anali ba Whyson okha. Ankachoka ku Kabulonga atatopa, n'kuyamba ntchito yachiwiri yaulele, kuyendera zitini za msewu wonse, kudulira apa, kukalipa apo, kuphunzitsa amayi kuti duwa silithiriridwa dzuwa lili paliwombo. Ankadandaula kuti tawaonongera siteshoni yawo. Koma nthawi yosuta inali itachepa, malo anali atachepa, ndipo chifuwa chija chinayamba kupereka mpata kwa atambala.

Anatsala ndi malo amodzi, pa kamlatho kaja pafupi ndi dzala. Pamenepo palibe akanabzalapo kanthu. Ba Emelda anayesa kuikapo zitini, koma otola zitsulo ankazitenga tsiku lomwelo. Ba Whyson anapeza likulu lawo. Madzulo aliwonse ankakhala pa simentipo, miyendo ili lendelende pamwamba pa madzi akuda, ntchentche zikuwazungulira, akusuta ngati mfumu imene yatsala ndi mudzi umodzi. Dyton ankawabweretsera mishanga komweko. Ba Emelda anandiuza nthawi imeneyo kuti atopa, kuti mwina Mulungu analemba kuti adzakhala wamasiye.

Mvula itagwa, pamwamba pa dzala paja panamera dzungu. Palibe analibzala, inali nthanga chabe imene wina anataya ndi zinyalala. Linayanga pa mapepala ndi mabotolo osweka, kutsetsereka mpaka m'mbali mwa kamlatho, ndipo Lamulungu lina titachoka kutchalitchi tinapeza latulutsa duwa lalikulu lachikasu pamalo enieni pamene ba Whyson ankakhazika dzanja.

Mbiri inathamanga. Pamene ba Whyson ankafika ndi mshanga wawo, theka la msewu linali litasonkhana. Dyton anayamba kuweruza mlandu asanafunsidwe. Anati limeneli si duwa, ndi ndiwo, mayi aliyense angathe kulithyola n'kuliphika ndi nsinjiro, ndipo lamulo la ba Whyson silinanenepo za ndiwo. Ena anavomereza, ena anatsutsa, mkulu wa mpingo wina anafuna kutsegula Baibulo. Ba Emelda anangoima kumbuyo atagwira m'chiuno.

Ba Whyson anagwada movutikira, monga ankagwadira ku Kabulonga. Analiyang'ana duwalo nthawi yaitali. Munali njuchi m'kati mwake.

"Nindani analishanga?" anafunsa.

Tinawauza kuti palibe analibzala.

"Labadwila pamalabishi," anatero, "koma siliyembekeza basi. Langoyamba kunkala."

Anachotsa mshanga kukhutu, n'kuupereka kwa Dyton. Dyton anafuna kukana, nati aganize bwino, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ba Whyson anamuuza kuti ausunge, akadzapeza malo mu Kalingalinga opanda duwa adzawaitane. Kenaka anatembenukira kwa akazi awo n'kufunsa ngati laimu akadali wotsika mtengo pamsika, chifukwa nyumba ija ikuchititsa manyazi. Ba Emelda anayankha kuti akhala akunena zimenezo kuyambira chaka chimene anakwatiwa, ndipo anapita kunyumba mofulumira kuti tisaone nkhope yawo.

Sanasutenso. Masabata oyamba anali ovuta, ankakalipira aliyense, ankatafuna timitengo ta machesi mpaka ba Emelda anayamba kubisanso machesi pa chifukwa china. Koma anapirira. Anapaka nyumba laimu, anabzala mpapaya ndi mtengo wa mapeyala umene aliyense anawauza kuti sadzadya zipatso zake. Anatsogolera amuna a mumsewu kukachotsa dzala lija ndi mafosholo, kusiya pokhapo pamene panali dzungu. Anakhala nafe zaka zina zingapo zabwino, anaona mwana wawo Towela akukwatiwa, anavina pa ukwatiwo mpaka kukhala pansi kuti apeze mpweya.

Koma fodya wa zaka zonse zija anali atadya kale zimene anadya. M'nyengo yozizira ya chaka chatha chifuwa chinabwerera, ndipo ulendo uno sichinachoke. Ali m'chipatala, wachibale wina anafunsa ngati angakonde kuti zikavuta akawaike ku Dedza, kwawo kwa makolo. Ba Whyson anatsegula maso n'kufunsa kuti kumeneko akawathirira ndani maluwa a pa Maluwa. Anati kwawo n'kuno, anangochedwa kudziwa.

Kumanda, itafika nthawi yoika nkhata, anaitana mayi wamasiye poyamba monga mwa mwambo. Ba Emelda sanatenge nkhata ya m'sitolo imene anawakonzera. Anatulutsa m'chitenje chitini cha mafuta ophikira, chija choyamba, chadzimbiri, chokhala ndi mabowo a msomali wanga kunsi. Anakumba ndi manja pamwamba pa mtumbira, nabzala kamtengo kaja, ndipo ulendo uno anabzala bwino, monga mwana wa mlimi.

"Nibaziba bamuna banga," anauza abusa. "Mukasiya pano palibe duwa, bazayamba futi."

Tinaseka ndi misozi m'maso, ngakhale abusa anatembenukira kumbali.

Msewu wathu ukadali pa Maluwa. Zitini zilipo, zina zikufota chifukwa palibenso wotikalipira tikathirira masana, ndipo ba Salome abwezeretsa apulasitiki awo mwakachetechete. Atambala akulira pa nthawi yake, koma m'mawa umamveka wopanda kanthu. Mtengo wa mapeyala uja wayamba maluwa chaka chino. Dyton akugulitsabe mishanga, koma pashelefu yapamwamba, kuseri kwa mabotolo a mafuta odzola, pali umodzi wachikasu ndi ukalamba umene amakana kugulitsa. Ndinamufunsa kuti akuusungira chiyani. Anati mwini wake anamuuza kuti adzawaitane akapeza malo opanda duwa, ndipo iye wayendayenda mumsewu monse, malowo sanawapeze. Atatero anatenga chigubu chake n'kupita kukathirira.